Pulofesa John Chiphangwi, dotolo amene adawerenga amayi athu

Aliyense wa ife amene adakwerapo sitima ya ku Mandurah amachidziwa chipatala chachikulu chili pa Murdoch chija, ndipo ena mwa ife ndi kumene timapezera chakudya. Chidatsegulidwa m'chaka cha 2014, ndipo chimatchedwa Fiona Stanley. Mayi amene adapatsidwa ulemu umenewu sadatchuke ndi mpeni wa opaleshoni ayi. Ntchito yawo idali ya kalembera: kulemba ana obadwa muno mu Western Australia, kuona amene abadwa ndi chilema, ndi kufunsa chifukwa chake. Mu 1989, iwo pamodzi ndi Carol Bower adasonyeza kuti mayi amene chakudya chake chili ndi folate wokwanira kumayambiriro kwa pakati sabereka kawirikawiri mwana wa msana wosatsekeka. Padapita zaka 20, ndipo mu 2009 lamulo lidayamba kugwira ntchito loti ufa wophikira buledi m'dziko lino uzithiridwa folic acid. Buledi amene timagulira ana athu lero ali ndi mbiri imeneyo.

Kwathu tidali naye dotolo wa mtundu womwewo, malemu Pulofesa John David Chiphangwi. Dzina lawo silili pa chipatala, lili pa nyumba yophunziriramo ya sukulu ya madotolo ku Blantyre, m'dera la msewu wa Mahatma Gandhi. A Chiphangwi adali katswiri wa matenda a amayi ndi za uchembere pa chipatala cha Queen Elizabeth, chimene tonse timati Gulupu. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 adawerenga zinthu zitatu zimene dziko silidafune kuziwerenga: amayi omwalira pobereka, amayi apakati okhala ndi kachilombo ka HIV, ndi madotolo amene tidawatumiza kunja koma osabwerako. Chachitatucho chikutikhudza ife amene tikuwerengera nkhaniyi kuno kutsidya kwa nyanja yamchere.

Chichewa chathu chidayidziwa kale ngozi ya uchembere madotolo asadayiwerenge. Mayi woyembekezera timati ndi wapakati, ndipo akuluakulu amamasulira kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Akabereka bwino timati wachira, monga munthu amene wadzuka pa matenda aakulu. Dotolo wa ku Gogo Chatinkha, mbali ya chipatala cha Gulupu yoberekerako, ankaona tsiku ndi tsiku kumene mawu amenewa adachokera. Ankalandira mayi amene wataya magazi usiku wonse, wina amene mwana wapingasa kwa masiku awiri mpaka chiberekero kung'ambika, wina wokomokakomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, wina wotentha thupi ndi mafinya atachira kale, ndi mtsikana amene adayesa kutaya pakati mobisa nkumabwera zinthu zitafika kale poipa. Komatu amenewa ndi okhawo amene adafika. Ambiri ankachirira kumudzi m'manja mwa azamba ndi anakubala, ndipo womwalira kumeneko ankaikidwa popanda cholembedwa chilichonse. Mabuku a chipatala ankanena za chipatala chokha, osati za dziko.

Apa pali chododometsa. Nthawi imeneyo amayi onse a m'Malawi ankatchedwa mbumba za Kamuzu, ndipo mtsogoleri wa dziko ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani. Amayi ankavina m'mabwalo atavala nsalu za nkhope yake, mawayilesi nkumanena kuti mbumba zili pabwino. Koma nkhoswe yeniyeni imadziwa maliro a pa mudzi pake, pamene boma lathu silidali ndi chiwerengero chodalirika cha amayi ofera pa uchembere. Ngakhale za kulera zidali zoletsedwa kwa zaka zambiri, mpaka mu 1982 pamene boma lidazilola, koma pansi pa dzina lofewa loti kubereka motalikitsa.

Mu 1987 maiko adasonkhana ku Nairobi nakhazikitsa ndondomeko ya uchembere wabwino, ndipo funso loyamba lidali lakuti: amayi amene akumwalirawo ndi angati? M'dziko lopanda kalembera wa imfa, kuyenda khomo ndi khomo kufunsa za chaka chimodzi kukadafuna makomo zikwizikwi ndi ndalama zimene kudalibe. Akatswiri a ku London, Wendy Graham ndi William Brass pamodzi ndi anzawo, adapeza njira yachidule imene adayamba kuiyesa ku Gambia. Munthu wamkulu aliyense amafunsidwa mafunso anayi okha okhudza abale ake aakazi a bere limodzi: amene adafika pa msinkhu wobereka ndi angati, amene ali moyo ndi angati, amene adamwalira ndi angati, ndipo mwa omwalirawo ndi angati adamwalira ali ndi pakati, pochira, kapena pasadathe masabata 6 atachira. Munthu mmodzi amayankhira amayi angapo nthawi imodzi, choncho anthu zikwi zochepa chabe amakwanira.

A Chiphangwi adaitengera njirayi ku Thyolo. Ine ndimaona kuti malowo adaiyenera kwambiri. M'midzi ya chikamwini, ya Alomwe ndi Amang'anja, mwamuna ndi mlendo amene angabwerere kwawo maliro a mkazi wake akatha, koma ana aakazi a mayi mmodzi amamanga moyandikana ndipo amakalambira pamodzi. Palibe amene angadziwe imfa ya mayi kuposa mbale wake amene adamutunga madzi ndi kumulerera mwana wamasiye. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 1992 m'magazini ya madotolo ya East African Medical Journal. Zidasonyeza kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 409 ankamwalira, ndi kuti pa atsikana 36 alionse ofika pa msinkhu wobereka, mmodzi adzafera pa uchembere. Kuno ku Australia chiwerengero chomwecho sichifika ndi 10 pomwe.

Njirayi ili ndi zofooka zake. Imanena za imfa zimene zidachitika zaka 10 kapena 12 m'mbuyo, ndipo pakati pang'ono, pamene mwini wake adali asadaulule, sipawerengedwa. Choncho 409 idali nambala yochepera. Kafukufuku wa dziko lonse wa 1992 adapeza 620. Wa m'chaka cha 2000 adapeza 1,120, chimodzi mwa ziwerengero zoopsa kwambiri pa dziko lapansi nthawi imeneyo. Zinthu zidaipa motero m'zaka 8 zokha pa zifukwa zingapo, koma chachikulu mwa izo a Chiphangwi adali atachiona kale chikubwera.

Odwala Edzi oyamba m'Malawi adatsimikizidwa mu 1985. Amene tidali kwathu masiku amenewo tikukumbukira momwe nkhaniyi inkanenedwera: monong'ona, ndi maina ozembaitsa. Ena ankati magawagawa, ena matenda a boma, ena nkumaumirira kuti ndi kanyera kapena tsempho lakale lomwe lija. Lamulo la 1968 lopima zolembedwa lidali lamphamvu, nkhani za kuchipinda sizinkanenedwa pagulu, ndipo wogwira ntchito m'boma wolankhula zonyozetsa dziko ankadziwa kumene angakagone. M'nyengo yotereyi, kutenga magazi a amayi a kusikelo ndi kuwayeza idali ntchito yofuna mtima. A Chiphangwi adaichita. Mu 1985, mwa amayi 100 alionse oyezedwa pa sikelo ya Gulupu, awiri adapezeka ndi kachilomboko. Mu 1987 iwo pamodzi ndi a George Liomba, a Hetherwick Ntaba ndi akatswiri a ku Germany adalemba m'magazini ya madotolo kuti HIV yafala m'Malawi.

Chifukwa chiyani amayi a kusikelo? Chifukwa pafupifupi mayi aliyense wapakati mumzinda amapitako, ndipo sapita chifukwa chodwala. Kuyeza odwala a m'mawodi kumangokuuza za odwala, pamene amayi a kusikelo ndi akazi a aphunzitsi, a asilikali, a ogulitsa mumsika wa Ndirande, anthu wamba athanzi. Zimene zili m'magazi awo ndizo zili mumzinda.

Mu 1989 ubale udayamba pakati pa Unduna wa Zaumoyo ndi Johns Hopkins University ya ku Baltimore. Kumbali ya alendo kudabwera Paolo Miotti, Gina Dallabetta, kenaka Taha Taha. Kumbali ya Malawi a Chiphangwi ndiwo adali mwini khomo. Pakati pa 1989 ndi 1990 adayeza amayi oposa 6,000, ndipo 23 mwa 100 alionse adapezeka ndi kachilombo. Pofika 1996 chiwerengero chidali pafupifupi 33, ndiye kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse okhala pa benchi ya sikelo. Kuchokera pa 2 kufika pa 33 m'zaka 11. Mndandanda umenewu, wotengedwa pa chipatala chimodzi chaka ndi chaka, ndi umodzi mwa maumboni omveka bwino a momwe mliriwu udalowera m'mizinda ya kum'mwera kwa Africa, ndipo udatseka pakamwa pa onse onena kuti nkhaniyi ikukokomezedwa.

Kudziwa ndi kwina, kukhala ndi chothandizira ndi kwinanso. Mu 1994 akatswiri a ku America ndi France adalengeza kuti mankhwala a AZT, akaperekedwa kwa mayi wapakati ndi kwa khanda, amatsitsa chiwerengero cha ana otengera kachilombo kuchokera pa 25 kufika pa 8 mwa 100 alionse. Mtengo wake udali madola mazanamazana pa mayi mmodzi, ndipo ankafunanso diripi pochira ndi kuleka kuyamwitsa. Kwa mayi wa ku Bangwe izi zidali ngati nkhani ya kumwezi. Chaka chotsatira, mu 1995, anthu zikwi mazanamazana adakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe. Sitingawaseke, pakuti chipatala chidalibe chowapatsa.

Gulu la ku Gulupu lidafunafuna chinthu chimene dziko losauka lingachikwanitse. Mu 1994 adayesa kutsuka njira ya mayi ndi kupukuta khanda ndi chlorhexidine, mankhwala otsika mtengo ophera tizilombo, pa amayi pafupifupi 7,000. Pa cholinga chake chenicheni njirayi idalephera: ana otengera kachilombo adali 27 pa 100 mwa otsukidwa, ndi 28 pa 100 mwa osatsukidwa. Idathandizako kokha pamene nsupa idasweka maola oposa anayi mwana asadabadwe. Adalemba zimenezo mosabisa. Koma poyang'anitsitsa mabuku adapeza china chimene sadachiyembekeze kwenikweni: makanda ogonekedwa chifukwa cha tizilombo m'magazi adachepa, imfa za makanda zidatsika, ndipo amayi obwereranso ndi mafinya adachepanso, zonsezi pa mtengo wosafika masenti 10 a dola pa mayi mmodzi. Za vitamini A nazonso zidayenda chimodzimodzi. Adaona kuti amayi osowa vitaminiyu amapatsira ana awo kawirikawiri, koma atayesa kuwapatsa, kupatsirako sikudachepe, ngakhale ana adabadwa olemerapo. Mu 1999 gulu lomweli lidafalitsa zimene lidapeza pa ana otengera kachilombo kudzera m'bere, nkhani yowawa m'dziko limene mwana wosayamwa amafa ndi kutsegula m'mimba.

Ndiyenera kunenapo maganizo anga pa mbali imene siitamandika. Amayi zikwizikwi adapereka magazi awo m'zaka zimene kudalibe mankhwala owapatsa, ambiri a iwo adamwalira, ndipo maina oyamba pa zolembedwa zambiri adali a alendo, ndalama nazo zidali za alendo. Wina anganene kuti tidangokhala munda wolimamo ena. Koma funso loyenera ndi lakuti chidatsala nchiyani alendo atakolola. Padatsala anamwino odziwa kulondoloza mayi ndi mwana kwa zaka, nyumba zoyezera magazi, ndi mbadwo wa Amalawi otsogolera okha kafukufuku. Mu 2008 a Newton Kumwenda ndi anzawo adasonyeza ku Blantyre komweko kuti kumwetsa khanda nevirapine kwa masabata 14 kumatsitsa ndi theka ana otengera kachilombo pofika miyezi 9. Mu 2011 Malawi lidachita chimene dziko lina lililonse lidali lisadachite: kuyambitsa mayi aliyense wapakati kapena woyamwitsa wokhala ndi HIV pa ma ARV a moyo wake wonse, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi, pakuti makina oyezerawo kumidzi kudalibe. Bungwe la WHO lidatsatira mu 2013. Dziko silingalimbe mtima chotero ngati lilibe anthu ake odziwa kuwerenga ndi kukhulupirira ziwerengero zawo.

Sadali okha m'nthawi yawo. Pa malungo, a Jack Wirima ndi anzawo adachita zofanana ku Mangochi, ndipo mu 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuyamba Fansidar. Ku Nigeria kudali Pulofesa Adetokunbo Lucas, wobadwira ku Lagos mu 1931, amene adaphunzitsa za umoyo wa anthu ku Ibadan, natsogolera ku Geneva nthambi yofufuza za matenda a m'maiko otentha kuyambira 1976 mpaka 1986. A Lucas adali m'gulu limene mu 1990 lidaulula kuti ndalama pafupifupi 5 zokha pa 100 zilizonse za kafukufuku wa zaumoyo ndizo zinkapita ku mavuto a maiko osauka, kumene kudali 93 pa 100 ya imfa zopeweka, ndipo lidalangiza kuti dziko lililonse, ngakhale losaukitsitsa, lizifufuza lokha matenda ake. Kusiyana kwake nkwakuti Ibadan idayamba kuphunzitsa madotolo mu 1948. A Lucas adali ndi sukulu yowaberekera owalowa m'malo. A Chiphangwi adalibe, ndipo adayenera kuimanga.

Mbiri ya madotolo a Chimalawi idayambira kunja. A Daniel Sharpe Malekebu adatsiriza maphunziro awo ku Meharry, ku America, mu 1917, ndipo adabwerera ku Mbombwe mu 1926. A Hastings Kamuzu Banda adatsiriza ku Meharry komweko mu 1937, naonjezera ku Edinburgh, nachiritsa anthu a ku Liverpool, North Shields, London ndi Kumasi, mpaka adabwera kwawo pa 6 Julaye 1958. Dotolo wathu wotchuka koposa onse ndiye adali woyambanso kusonyeza kuti wopita kunja amakhalitsa. Ndipo dziko lolamulidwa ndi dotolo lidatha zaka 27 chilandirire ufulu lopanda sukulu ya madotolo, pamene Salisbury idatsegula yake mu 1963 ndi Lusaka mu 1966. Kamuzu Academy ya Chilatini ndi Chigiriki idatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, zaka 10 sukulu ya madotolo isadakhalepo.

M'malo mwake tinkatumiza ophunzira ochepa chaka ndi chaka, makamaka ku Britain. Mnyamata ankachoka ali ndi zaka 20, nkukhala kumeneko zaka 6 kapena kuposerapo, nkupeza banja, ngongole ya nyumba ndi ntchito yabwino. Kwawo kunkamudikira malipiro ochepa, chipatala chopanda zipangizo, ndi boma lokayikira aliyense wophunzira. Ambiri sadabwere, mpaka padabadwa nthabwala yoti ku Manchester kuli madotolo a Chimalawi ambiri kuposa m'Malawi monse. Zipatala za m'maboma zidatsamira pa madotolo a mishoni ndi achilendo, ndi pa makiliniko ofesala amene dziko lidayamba kuwaphunzitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, omwe mpaka lero ndiwo amachita maopaleshoni ambiri a amayi m'maboma. Kwa munthu amene ankalandira amayi ong'ambika chiberekero ochokera kutali, kusowa kwa madotolo sichidali chiwerengero cha pa pepala.

Mu 1986 akatswiri a ku Malawi, Britain ndi Germany adaunika nkhaniyi navomereza kuti sukulu imangidwe, ndipo a Chiphangwi ndiwo adasenza ntchitoyi kumbali ya Malawi. Nzeru yake idali yosavuta koma yakuya. Popeza kudalibe nyumba kapena aphunzitsi a zaka zoyambirira, ophunzira adatumizidwabe kunja, ku St Andrews ndi ku London, ena ku Cape Town, koma adayenera kudzatsirizira kwawo. Chaka chomaliza chikhale cha pa Gulupu, digiri ikhale ya Yunivesite ya Malawi, ndipo wodwala womaliza kumugwira asadatchedwe dotolo akhale wa malungo, wa TB, wa kunyentchera. College of Medicine idatsegulidwa mu 1991, madotolo oyamba adatuluka mu 1992, ndipo kuyambira 1994 ophunzira adayamba chaka choyamba ku Blantyre komweko osakweranso ndege.

Dziko limene tikukhalamoli lili ndi dzanja m'nkhaniyi, ndipo ambiri a ife sitidziwa. Mkulu woyamba wa sukuluyi adali Pulofesa Geoffrey Dahlenburg, dotolo wa ana wochokera ku Adelaide, ndipo ena mwa ophunzira oyambirira adachitira zaka zawo zoyamba ku Adelaide komweko asadabwerere kukatsiriza kwawo. Mu 2001 a Adamson Muula ndi a Robin Broadhead adalemba za thandizo limeneli mu Medical Journal of Australia. A Dahlenburg atachoka, a Chiphangwi ndiwo adatenga mpando, Mmalawi woyamba kutsogolera sukuluyi, ndipo pambuyo pawo padabwera a Broadhead. Ndiye kuti ulendo woyamba wa achipatala pakati pa Malawi ndi Australia udakonzedwa kuti ukhale wopita ndi kubwera.

Chimene chidaisiyanitsa sukuluyi ndi za ku Ulaya ndi malo amene idapereka ku umoyo wa anthu a m'midzi. Nthambi yake idakhazikitsidwa ku Mangochi, kutali ndi mzinda, ndipo wophunzira ankakagona m'mudzi, kudya chimene eni ake akudya, kuona kumene amatunga madzi ndi kuyeza ndi mapazi ake mtunda wopita kuchipatala. Ambiri mwa ana amenewa adali a m'tauni, ophunzira ku sukulu zogonera, ena osadziwa ndi Chiyao chomwe. Apa mukuoneka dzanja la munthu amene adapita ku Thyolo kukafunsa za amayi amene sadafike kuchipatala. Dotolo wongodikira pa wodi amadziwa odwala amene afika. Wina ayenera kudziwa amene atsala m'njira.

Kodi zidatheka? Mbali ina inde. Ana a sukuluyi ndiwo adadzakhala madotolo a m'maboma, aphunzitsi a sukulu yomweyo, ndi akuluakulu a ku unduna. Mu 2021 sukuluyi idaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing nkukhala yunivesite payokha, Kamuzu University of Health Sciences. Koma chitseko chotulukira sichidatsekeke. Lipoti la WHO la 2006 lidasonyeza kuti Malawi lidali ndi madotolo 266, pafupifupi awiri pa anthu 100,000 alionse. Akatswiri awiri a ku Washington, Michael Clemens ndi Gunilla Pettersson, atawerenga makalembera a maiko olemera a m'chaka cha 2000, adapeza kuti madotolo 59 pa 100 alionse obadwira m'Malawi ankagwira ntchito kunja, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti m'chiwerengerochi mulinso ana a Amwenye ndi Azungu obadwira ku Nyasaland. Anamwino nawo adakhamukira ku Britain m'zaka zomwezo, mpaka boma ndi abwenzi ake adakweza malipiro a achipatala ndi 52 pa 100 mu 2005 pofuna kuwagwira mwendo.

Sindikulemba izi kuti ndiloze chala munthu, pakuti chala chomwecho chingandibwerere. Aliyense wa ife adachoka ndi chifukwa chake: fizi ya abale, nyumba ya makolo, kutopa ndi kuona anthu akufa ndi matenda ochizika chifukwa magolovesi kapena magazi atha, mwinanso mantha. Ndalama zimene timatumiza zikuphunzitsa ana, ena a iwo ku sukulu yomweyo ya madotolo. Komabe ndi bwino tizidziwa kuti sukuluyo idamangidwa ndi cholinga chimodzi, choti dotolo wa Chimalawi akhale pafupi ndi mayi wa Chimalawi pa tsiku lake lochira. Mzamba wathu akamalandira mwana ku King Edward Memorial ku Subiaco, kumene mayi mmodzi amazunguliridwa ndi anthu atatu kapena anayi, amadziwa bwino kuposa ine kuti usiku womwewo mnzake amene adaphunzira naye ali yekha ndi wodi yodzaza.

Amayi aja adawerengedwabe a Chiphangwi atapita. Kuchokera pa 1,120 m'chaka cha 2000, chiwerengero chidatsika kufika pa 984 mu 2004, pa 675 mu 2010, ndi pa 439 mu kafukufuku wa 2015 ndi 2016. Ma ARV aulere, amene adayamba mu 2004, adachotsa gawo lalikulu la imfazi. Amayi ochirira kuchipatala adachuluka kuchokera pa 55 pa 100 mu 1992 kufika pa 91, mwa zina chifukwa boma lidaletsa azamba a kumudzi kubereketsa mu 2007 ndipo mafumu adayamba kulipiritsa mbuzi kapena nkhuku mabanja ochirira pakhomo. Izi zidasamutsa katundu yense kumuika pa zipatala zimene antchito ake sadachuluke mofanana. Mafunso anayi aja, atasinthidwa pang'ono, ndiwo adapereka ziwerengero zonsezi: wofunsa amakhala pa mkeka ndi mayi, namutchulitsa abale ake aakazi mmodzimmodzi. Ndipo 439 ya 2016 idali ikadali pamwamba pa 409 imene a Chiphangwi adaipeza m'midzi ya ku Thyolo.